Mabuleki a Pikapu ya Atati

Pikapu ya bambo anga inali yoyera, koma ndi anthu ochepa amene anaiona ili yoyera. Inkakhalira msewu wa ku Makanjira, kukatenga usipa ndi utaka wouma m'madoko, ndipo inkafika pakhomo pathu ku Mangochi itasanduka mtundu wa dothi, madengu atasanjikizana mpaka kupitirira denga. Bambowo, amene tonse tinkawaitana kuti Atati monga mwa Chiyao cha kwathu, anaigula yatsopano atagulitsa maboti awo ndi makoka omwe. M'moyo wawo wonse anali asanagulepo chinthu chachikulu chimene munthu wina sanayambe wachigwiritsa ntchito. Njinga anagula kwa mnzawo, wailesi inali ya malemu akulu awo, nyumba anaipeza yomangamanga. Pikapu yokhayi ndi imene anachotsa okha mapulasitiki pamipando.

Chiwongolero chake ankachigwira anthu awiri basi, iwo ndi mchimwene wanga. Mchimwene atapita ku Joni kukafuna ntchito, anatsala okha. Ine layisensi ndinali nayo. Ndinaphunzira kuyendetsa ndili ku Zomba, kumene ndinkaphunzitsa ndisanasamutsidwire kusukulu ya kwathu. Atati ankadziwa zimenezi, koma nkhaniyi sinkakambidwa. Ndikakwera, malo anga anali kumanzere, chikwama pamiyendo.

Tsiku lina masana foni yawo inalira tili pakhonde. Anamvetsera pang'ono, n'kudula.

"Akuba awa," anatero. "Akuti galimoto yanga ili ndi vuto. Aiona liti?"

Itaitananso anandipatsa ine kuti ndiwakalipire m'Chingerezi. Koma amene ankayankhula anali mayi waulemu wa kukampani kumene Atati anagula galimotoyo ku Blantyre, ndipo ankadziwa nambala yake ndi mtundu wake womwe. Anafotokoza kuti opanga magalimotowo apeza kuti kapaipi kamene kamapititsa mafuta kumabuleki a kutsogolo kamatha kung'aluka, mafuta n'kutayika, munthu n'kuponda buleki osagwira. Choncho ankaitana eni ake onse a mapikapu a mtundu umenewo kuti akasinthitse kapaipiko kugalaja yawo, mwaulere.

Nditawamasulira, Atati anapukusa mutu.

"Mwanangu, tafunsa bwino. Munthu angakuitane kuchokera ku Mangochi kuti akakugwirire ntchito yaulere? Akufuna akaitsegule, achotse zabwino, aikemo zakutha."

"Akuti vuto ndi lawo, Atati. N'chifukwa chake sakulipiritsa."

"Ine ndaiyendetsa zaka zonsezi. Ikanakhala yodwala bwenzi itandiuza."

Amene anaithetsa nkhaniyi ndi amayi anga. Anali pansi pa mtengo wa mango akupeta mpunga, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Inu kanani," anatero. "Koma adzukulu anga sakweranso mmenemo. Ndipo ku ukwati wa ku Namwera ine ndipita pa minibasi. Mapiri a Chowe aja sinditsika ndi galimoto imene eni ake akuiopa."

Atati ankatha kupirira zambiri, koma osati kuti abale a ku Namwera aone mkazi wawo akutsika m'minibasi galimoto ili pakhomo. Sukulu zitatsekera, anandiuza kuti ndikonzeke, ndikawayankhulire Chingerezi.

Tsiku loti tinyamuka mawa lake linathera kutsuka pikapu. Sindinawaonepo Atati akuvutika ndi chinthu ngati mmene anavutikira ndi fungo la nsomba tsiku limenelo. Anachotsa lona, zingwe ndi masaka. Anakwecha kumbuyo ndi sopo wa ufa, kenako ndi phulusa, kenako anatuma kukathyola mandimu n'kufinyira m'makona monse. Mamba a usipa anali atalowa m'malo amene chala sichifika, ndiye ankawatokosa ndi kamtengo, mmodzimmodzi. Akatsuka ankabwerera m'mbuyo, kununkhiza, n'kuyambiranso.

"Kumeneko n'kwa mabwana," ankatero. "Asakanene kuti anthu a kunyanja sitidziwa kusamala chinthu."

M'mawa mwake, titaswali, anatuluka atavala mkanjo woyera ndi jekete la pa Idi, kofiya yopeta ili kumutu. Kenako analowanso m'nyumba n'kutulukamo ndi dengu la chambo chowamba, chosankha bwino, n'kuliika kumbuyo kwa galimoto imene anatsuka ija. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Nanga mandimu onse aja munavutikiranji?"

"Anthu akandigwirire ntchito, ine ndingoti zikomo ndi pakamwa?" anayankha Atati, akumanga dengulo.

Anati Bismillah, n'kuliza injini.

Ulendo umenewo ndimaukumbuka bwino chifukwa tinayenda pang'onopang'ono kwambiri. Atati, amene ankakana kuti galimoto ili ndi vuto, tsopano ankaiyendetsa ngati yanyamula mazira. Maminibasi ankatipitirira akuimba hutala. Malole a simenti ankatipitirira. Ine ndinali ndi nthawi yoona zonse: milambe ya m'mbali mwa msewu, akazi akupita kuchigayo, nyanja ya Malombe ikuwala patali kumanzere. Iwo ankandiuza mwini wa sitolo iliyonse imene tinkadutsa, amene anamwalira, amene anapita ku Haji, amene anakwatira kawiri.

Titangodutsa pa Ulongwe, kutsogolo kwathu kunali bambo wina pa njinga, atanyamula matumba a makala. Anali kumbali kwake, ndipo ine ndinamuona kalekale. Ndinkadikira kuti Atati apatuke pang'ono. Sanapatuke. Tinkangomuyandikira.

"Atati, njinga!"

Anaponda buleki. Galimoto inaima nthawi yomweyo, ine n'kutsamira kutsogolo, dengu la chambo n'kugunda kumbuyo kwathu. Wanjinga uja anathawira m'maudzu, thumba limodzi n'kugwa. Atati anatsika msangamsanga, osasamala za mkanjo woyera uja, n'kukamuthandiza kukweza makalawo.

"Pepani achimwene, pepani kwambiri. Mabuleki ndi owonongeka. Panopa tikupita nawo ku Blantyre komweko."

"Ndiye muziyenda bwino, bambo," anatero munthuyo, akupukuta thukuta. "Mupha anthu."

Atabwerera m'galimoto, mkanjo wawo unali ndi mizere yakuda.

"Waona?" anatero. "Amayi ako amanena zoona. Mabuleki awa."

Koma ine ndinali nditamva mmene galimoto inaimira. Kuyambira pamenepo chilichonse chinali mabuleki. Tikagwera m'dzenje, mabuleki. Titaphonya pokhotera ku Limbe, mabuleki.

Kukampaniko kunali magalasi okhaokha, pansi posalala ngati mbale, ndi mphepo yozizira yochokera m'makina. Pakhomo Atati anawerama kuti avule nsapato, ine n'kuwagwira mkono. Anandisonyeza pakona pamene pikapu yawo inaima tsiku limene anaigula, ndipo anakhumudwa pang'ono kuti amene anawagulitsa anachoka kale ntchito. Wolandira magalimoto anatenga makiyi, n'kuyala pepala popondera, pulasitiki pampando.

"Taitsuka dzulo," anatero Atati.

"Timatero ndi galimoto iliyonse, bambo, kuti amakaniko asakudetsereni."

"Oho," anatero Atati, ndipo ndinaona kuti zawasangalatsa. Anatsitsa dengu lawo, n'kuima pagalasi kuonerera galimoto ikulowa m'galaja. Inali nthawi yoyamba kuiona ikuyendetsedwa ndi munthu wachilendo. Itakwezedwa m'mwamba ndi makina, matayala ali lende, anagwira pakamwa.

Mapikapu ofanana ndi yathu analipo ambiri tsiku limenelo, ndipo eni ake tinakhala m'chipinda chodikirira, tikumwa tiyi wa m'makapu a pepala. Pafupi ndi Atati panakhala bambo wina wonenepa, mlimi wa nthochi wa ku Thyolo. Anatiyang'ana, n'kumwetulira.

"Anzathu a kunyanja, eti?"

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Atati.

"Mphuno, bambo. Ndinayamba kumva pikapu yanu isanazime."

Ndinaopa kuti Atati akwiya, koma anaseka mpaka kutsokomola. Posakhalitsa awiriwo anali ngati anakulira limodzi. Anakambirana za matayala, za misewu ya dzinja, za ana amene amapita ku Joni n'kumangotumiza zithunzi. Mlimi uja anati naye poyamba ankaganiza kuti foni ija ndi ya akuba. Atati anati iwo anadziwa nthawi yomweyo kuti ndi zoona, ndipo sanandiyang'ane ponena zimenezi. Nthawi ya swala ya masana itakwana, mlonda anawalozera kuseri kwa galaja kumene antchito ena ankaswalira, ndipo mlimiyo anatsala akulondera dengu. Posiyana anapatsana chambo ndi phava la nthochi. Sanaonanenso, koma kwa zaka zambiri Atati akamadya nthochi ankati, "Kaya mnzanga wa ku Thyolo uja ali bwanji."

Magalimoto anachuluka, ndiye yathu anati itha mawa. Tinakagona kwa azakhali ku Limbe. M'mawa mwake tinapeza pikapu ili panja, yotsukidwanso, matayala akuwala. Mkulu wa amakaniko, bambo wa imvi wovala ovolosi ya buluu, anabwera ndi kapaipi kakale m'manja kuti atisonyeze chimene asintha. Kanali kakuda, kofewa, kosatalika kuposa mkono wa mwana.

"Kameneka kakanandiphetsa munthu dzulo," anatero Atati, ndipo anafotokoza za wanjinga wa pa Ulongwe.

Makanikoyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakapinda kapaipiko uku ndi uku.

"Kanuka kanali kasanayambe kung'aluka, bambo. Onani. Mafuta sanatayikepo ngakhale dontho. Tasintha poopa za m'tsogolo, koma mabuleki anu anali bwinobwino."

"Ndiye kuti dzulo amagwira?"

"Amagwira ndithu."

Atati anakatenga kapaipiko. Anakayandikitsa kumaso, n'kukatalikitsa, n'kukayendetsa chala kuyambira uku mpaka uko. Anakhala nako nthawi yaitali, kenako anakabweza, n'kuwerama kutenga dengu. Makanikoyo anakana, anati saloledwa kulandira malipiro pa ntchito imeneyi.

"Si malipiro awa," anatero Atati. "Ndi ndiwo. Mugawane ndi anzanu."

Makanikoyo anayang'ana uku ndi uku, anavundukula pang'ono, ndipo ataona chambocho anasiya kukana. Analandira ndi manja awiri.

Titafika pagalimoto, Atati anaima pachitseko cha dalaivala, makiyi ali m'manja, osatsegula. Dzuwa linali litayamba kutentha. Ine ndinali nditazungulira kale kumbali yanga.

"Mwanangu," anatero, akuyang'ana padenga la galimoto. "Njinga ija ndinamva mawu ako ndisanaione."

"Ndinadziwa, Atati."

"Diso lakumanzereli lachita ngati muli utsi. Linayamba m'mwezi wa Ramadhani. Ndimati litha lokha." Anatembenuza makiyi m'manja. "Layisensi ija uli nayo pano?"

"Ili m'chikwama."

"Unaitengeranji?"

"Ndimayenda nayo masiku onse."

Anagwedeza mutu. Kenako anazungulira kutsogolo kwa galimoto, dzanja likutsata boneti, n'kudzandipatsa makiyi.

"Amayi ako usawauze. Ndikawauza ndekha."

Ndinali ndisanayendetsepo galimoto yaikulu choncho. Mpando unali kutali, ndipo nditausuntha Atati anausa moyo ngati ndawaponda chala. Pageti pomwepo injini inandizimira. Paraundabauti yoyamba inazimanso, maminibasi akuimba mahutala m'mbuyo mwathu, kondakitala wina akukuwa kuti amayi abwerere kukhitchini. Atati anatsitsa galasi, n'kumuyankha m'Chiyao mawu amene sindingawalembe pano. Ndinali ndisanawamvepo akutukwana. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo mantha anathera pomwepo.

Kuchokera ku Limbe mpaka ku Zomba sanatseke pakamwa. Sintha giya. Usaithamangitse. Imva mmene ikulirira, ikupempha yachinayi. Lole iyo isiye ipite. Phazi lawo linkaponda pansi pamene panalibe buleki, ndipo dzanja linali pa handibuleki nthawi yonse. Koma titayamba kutsika mapiri a ku Machinga, chigwa cha Shire chikuoneka m'munsi, anakhala chete. Ndinalowetsa giya yotsika monga mmene ndinkawaonera iwo akuchitira, n'kumaponda buleki pang'onopang'ono m'makona. Titafika pansi anachotsa dzanja lija, n'kuliika pabondo.

"Akonza bwino," anatero.

Pa lodibuloko ya ku Liwonde panali wapolisi amene ankawadziwa chifukwa chodutsapo ndi nsomba. Anasuzumira mbali ya dalaivala, anapeza ine, n'kusuzumiranso.

"Aa, bambo, lero mwalemba dalaivala?"

"Ndi mwana wanga uyu," anatero Atati. "Mphunzitsi. Muonetse layisensi, mwanangu, aone."

Wapolisiyo sanaifunse n'komwe, koma ndinaitulutsa, ndipo Atati anadikira mpaka ataiwerenga mbali zonse ziwiri.

Titawoloka mlatho anandiimitsa kuti agule chimanga chootcha. Ankakonola ndi chala n'kumandiikira m'dzanja, kuti ndisachotse maso pamsewu. Ndi pamene anayamba kundiuza za ulendo wawo woyamba wa ku Blantyre, ali mnyamata, atakwera pamwamba pa lole ya nsomba, mvula ikuwamenya njira yonse. Anati atafika ku Limbe anaona sitima yapamtunda, n'kuthawa kukabisala kuseri kwa madengu. Anandiuzanso kuti iwo anawaona koyamba amayi anga padoko la ku Malindi akutsuka mbale, ndipo anabwerera padokolo kambirimbiri ngati akufuna usipa, chonsecho usipa unali wotchipa kwina. Nkhani zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Munthu akamayendetsa sakamba zotere, ndipo pakhomo Atati sanali munthu wokhala pansi n'kumacheza ndi ana aakazi.

Tinafika masana. Amayi anali pakhonde, ndipo ataona amene akutsika mbali ya dalaivala anaimirira, n'kukhalanso pansi. Sanafunse kanthu pamaso pa ana. Atati anatsika, anawongola jekete, n'kunena kuti atopa, akufuna madzi osamba. Zimene anakambirana awiriwo sindinazimve, koma patapita masiku ochepa amayi anawaperekeza kuchipatala, kumene anawauza kuti ndi ng'ala.

Ng'alayo madokotala anadzaichotsa, ndipo diso linayambanso kuona ndithu, koma makiyi sanawaitanitsenso. Ankati azolowera kumanzere, kuli mphepo yabwino. Kuyambira pamenepo mpaka mchimwene atabwerako ku Joni, Loweruka lililonse ndi tchuthi chonse ndinkakhala dalaivala wa nsomba. M'kati mwa sabata ankalemba ganyu munthu wina wa pamsika, koma ulendo wa ku Makanjira ankausungira ine. Ndinaphunzira kuwoloka mitsinje ya mchenga, kumanga lona mphepo ya mwera ikuwomba, kudziwa usipa wouma bwino poufinya m'dzanja. M'madoko, poyamba asodzi ankasiya kusoka maukonde n'kumandiyang'ana. Kenako anazolowera, n'kumangonditcha aphunzitsi a pikapu. Amayi ogulitsa nsomba ankakonda kukwera ndikamayendetsa ine, ankati sindiwagwetsera m'mabampu.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula tinatitimira pamtsinje wina tisanafike ku Makanjira. Madzi anali ochepa, koma mchenga unameza matayala a kumbuyo. Ndinayesa kutsogolo, ndinayesa kumbuyo, galimoto inkangokumba. Kumbuyo tinanyamula amayi angapo opita kukagula usipa, ndipo onse anatsika, anamanga zitenje m'chiuno, n'kuyamba kufukula mchenga ndi mabeseni awo. Ena anathyola masamba a migwalangwa n'kuyala kutsogolo kwa matayala. Atati anakwinya mkanjo mpaka m'mawondo, analowa m'madzi, n'kukaima kutsidya, kutsogolo kwanga, manja ali m'mwamba.

"Yachiwiri, mwanangu, osati yoyamba! Pang'onopang'ono! Amayi, tiyeni nayo!"

Amayi aja anayambitsa nyimbo yokokera khoka, n'kukankha onse pamodzi. Galimoto inagwedezeka, inalira, n'kutuluka, matope akuwathira onse kumaso. Ndinakaima pamtunda. Amayi aja anabwera akuthamanga, akuseka, akundinena kuti ndawadetsera zovala, ndipo mmodzi anali atataya patapata wake m'madzi. Atati anabwerera kukamufunira. Anayendayenda mumtsinjemo atawerama, akufufuza ndi phazi, mpaka anamupeza atakodwa pamuzu.

Atati anamwalira patapita zaka zingapo, kunyumba, atadwala masiku ochepa. Msewu wa ku Makanjira sindinauyendenso kuyambira pamenepo. Mchimwene amandiuza kuti amayi a m'madoko amafunsabe kuti aphunzitsi aja anasiyiranji.